Edina, Usasiye Kuthamanga

Nsipe, Ntcheu
Loweruka masana

Mwana wanga Edina,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Manjawira kotsanzikana ndi anzako a kwaya. Ndikadadikira kuti ubwere tikambirane pamaso, koma m'nyumba muno mudakali alendo, ndipo mmene mtima wanga wawirira, ndikangotsegula pakamwa mawu anga akamveka mpaka kumsika. Ndiye ndati bola ndilembe. Uipeza pa pilo yako. Uiwerenge lero lomwe, yonse, osati kudumphadumpha mizere monga umachitira ndi mauthenga anga a pafoni, ndipo mawa upite nayo ku Zomba.

M'mawa uno posesa kuchipinda kwako ndapeza nsapato zako zothamangira kuseri kwa matumba a chimanga, zitakulungidwa m'kabudula wako wabuluu uja. Chikwama chako n'chotseka kale. Madiresi atsopano alimo, nsapato zazitali chidendene zimene sungafike nazo ngakhale kumjigo zilimo, koma zothamangira wazisiyira anankafumbwe. Usandiuze kuti unaiwala. Chinthu choiwalika chimapezeka pansi pa bedi, sichidzikulunga chokha n'kukabisala kuseri kwa matumba. Ndazikuntha fumbi, ndatsegula chikwamacho, ndatulutsamo diresi limodzi kuti zipeze malo. Zikupita nawe ku koleji. Pamenepo palibe zokambirana.

Ndikudziwa komwe zachokera zimenezi. Dzulo pachakudya chokutsanzika, azakhali ako a Nandau, alongo awo a bambo ako, anaimirira n'kumanga chitenje bwinobwino ngati akufuna kulalikira. "Edina, tsopano wakula," anatero. "Zothamangathamanga ngati mbuzi yodula chingwe uzisiye konkuno. Munthu wa ku koleji amayenda mwaulemu. Pa holide ubwere uli ndi thupi, anthu aone kuti mwana wa kwa Ndau akudya bwino, osati mafupa awa. Ndi mwamuna wanji angafunsire mkazi wa akatumba ngati wakabaza?" Anthu anaseka mpaka ena kutsamwa. Zimenezo sizinandidabwitse, anthu akakhuta amaseka chilichonse. Chimene chinandibaya n'chakuti nawenso unaseka, n'kuweramitsa mutu, n'kuyankha kuti, "Ndamva, azakhali."

Wamva chiyani, Edina? Bambo ako anali pomwepo, pampando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo, dzanja lawo lamanja lili pantchafu momwe limakhalira masiku ano. Mawu amenewo ananenedwa pamaso pawo, wonena n'kukhala mlongo wawo weniweni. Ine ndinangodzuka n'kupita kukhitchini ngati ndikukatenga madzi, chifukwa ndikadayankha pomwepo mwambo wako ukadathera panjira. Lero ndiye undimva ine.

Sindidakufotokozerepo mokwanira kuti mayi akone ndinali wothamanga. Matipate atangoyamba, sukulu itakhala yaulere, tidadzaza makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mipira kunalibe, choncho nthawi ya masewera aphunzitsi ankangotiuza kuti tizungulire bwalo. Anzanga ankadandaula, ine ndinkakondwa. Ndinali kamtsikana koonda, kosavala nsapato, koma ndikayamba liwiro ngakhale anyamata a Sitandade 8 ankangoona fumbi. Adandisankha kukapikisana ndi sukulu zoyandikana nafe pa mtunda wautali, wodutsa m'minda ndi m'tinjira ta m'midzi. Wezulo itangolira ndidachoka ngati kamvuluvulu. Ndidawasiya onse kutali, ndikumva anthu akukuwa dzina langa, ine n'kumawonjezera moto. Nditafika pachitunda cha kuseri kwa dambo, chifuwa chidayamba kuyaka, miyendo idalemera ngati mitondo. Ndidakhala pansi m'mbali mwa njira n'kumasanza. Kamtsikana kena ka ku Manjawira, kamene ndidakaseka poyambira chifukwa kankathamanga ngati kakupita kotunga madzi, kadandidutsa osandiyang'ana n'komwe, n'kukapambana. Aphunzitsi atandipeza sadandikalipire. Adangoti, "Kuthamanga sikufika. Mpweya uli ngati chimanga cha m'nkhokwe, ukachidya chonse mwezi wokolola, Febuluwale akupeza." Adandidzutsa n'kundiuza kuti nditsirize, ngakhale moyenda. Ndidatsiriza moyenda, nkhope ili pansi. Usunge mawu a aphunzitsiwo, mwana wanga, ndiwabwerezanso.

Chaka chotsatira ndidathamanga ndi nzeru, ndipo ndidapambana. Adandisankha kuti ndikaimire dera lathu ku Boma. Koma mwezi womwewo ndidatha msinkhu, ndipo akuluakulu a kwathu adakhalirana pansi. Amalume adati namwali savala kabudula pagulu. Amayi ena achikulire adati mtsikana wothamanga chiberekero chimatsika, sadzaona mwana kumsana. Tsiku la mpikisano adandipatsa mulu wa chimanga kuti nditonole. Lole yonyamula ana idaima pasukulu, idaliza hutala, idadikira, idalizanso, kenaka ndidaimva ikuchoka anzanga akuimba. Ndidatonola chimangacho misozi ikugwera m'lichero. Madzulo a tsiku lomwelo, anthu omwe ankadera nkhawa chiberekero changa aja adanditwika thumba la mbatata ya kachewere kuti nditsike nalo kumsewu. Tangoganiza! Mtsikana asenze katundu woti bulu angamukane, palibe woyankhula. Atunge madzi, alime, asinje, zonsezo thupi lake likwanitsa. Koma athamange chifukwa iye mwini akusangalala, pomwepo mudzi wonse wasanduka madokotala. Kamtsikana ka ku Manjawira kaja ndiko kadapita m'malo mwanga. Masiku ano ndimakumana naye kumsika, ali ndi ana ndi zidzukulu, chiberekero chake sichidagwere panjira.

N'chifukwa chake iwe utatha msinkhu, amayi olangiza atabwera pakhomo pano, ndidawalandira ndi ulemu wonse, ndidawayalira mphasa, ndidawasiya akuuze za ukhondo, za ulemu, za kudzisunga. Koma atangofika pa nkhani ya kabudula ndi liwiro ndidalowa m'chipindamo. "Amayi, zonse mwanenazi n'zabwino," ndidatero, "koma apo pokha ayi. Mwanayu azithamanga." Adatuluka atakwinya nkhope, ndipo kwa nthawi yaitali kumjigo ankanditchula kuti Nangozo wamwano. Ndidalola dzinalo chifukwa cha iwe. Sabata yomweyo bambo ako adakakugulira nsapato zako zoyamba pa kaunjika ku Boma, zazikulu moti tinkatsendera nsanza kuzala. Ine ondiletsa anali anthu ena, ndili mwana wopanda mawu. Iwe palibe wakutsekera khomo, ukudziletsa wekha chifukwa cha nthabwala ya pachakudya.

Tsopano za bambo ako. Iwe udayamba kuzindikira ali kale ndi mimba, koma ine ndidawaona koyamba akuvina ngoma, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akaponda pansi fumbi n'kuchita kudzuka. Loweruka ankatchinga kumbuyo mu timu ya mpira ya m'mudzi. Masiku ena onse ankakwera kumapiri ndi njinga yakapalasa kukagula kachewere, n'kutsika nayo matumba atamangirira mpaka pa Nsipe pano. Munthu ameneyo sankadziwa khomo la chipatala. Bizinesi itakula adagula njinga yamoto, kenaka adatsegula golosale ija. Tidathokoza Mulungu, ndipo mpaka lero ndimathokoza. Koma kuyambira pamenepo bambo ako adakhala pansi. Mpira adasiya, ati ndi za anyamata. Ngoma ankangoonerera. Kutchalitchi, kumene ngakhale nkhuku zathu zimafika, ankapita panjinga yamoto. Masana chinali chipisi cha pachiwaya ndi nyama yonona, kutsitsira zakumwa zotsekemera, tsiku ndi tsiku.

Mimba itatuluka, azakhali ako omwewa ndiwo ankatsogolera kuyamikira. "Taonani achimwene mmene awalira! Dalitso likalowa m'nyumba silibisika." Pamsika aliyense ankati bwana. Koma ine ndinkakhala nawo nyumba imodzi, ndinkamva mmene ankapumira. Tsiku lina ndidawaona atangowerama kumanga zingwe za nsapato, n'kuweramuka thukuta lili kamukamu. Ndidati, "Abambo ake Edina, bwanji madzulo tiziyendako pang'ono mpaka kudambo?" Adaseka. "Nangozo, ine ndidayenda kokwanira pa umphawi wanga. Ukufuna anthu aziti njinga ndagulitsa?" Kuchipatala atawayeza adawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, adawapatsa mankhwala, n'kuwalangiza kuti achepetse mchere ndi mafuta ndipo aziyenda. Mankhwalawo ankamwa akakumbukira. Zoyendazo azakhali ako atamva adandiuza kuti, "Alamu, musawazunze achimwene. Munthu wopeza bwino aziyenda wapansi ngati wosowa?" Ine ndidasanduka mkazi wolongolola, wochitira nsanje thupi la mwamuna wake. Chikomekome cha mkuyu, Edina, m'kati muli nyerere.

Adagwa tsiku la msika ku Manjawira, iwe uli Fomu 2 ku sukulu yogonera konko. Akuti ankatsika panjinga, mwendo n'kungokana. Nditafika kuchipatala ku Boma ndidawapeza pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zili lende, akuyesa kutchula dzina langa koma lilime likukana. Iwe pobwera udawapeza atasamba, atavala, atatsamira pilo. Sudandione ine ndikuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, mwamuna amene ankakweza matumba panjinga yekha. Sudawamve akulira ngati mwana chifukwa supuni yawapulumuka. Anthu oti bwana aja adabwera kamodzi ndi nthochi, osaonekanso. Azakhali ako adati ndi ansanje a pamsika awalodza, tipite nawo kwa sing'anga. Nditakana adati, "Ndiye asiyeni agone, apumule." Koma mayi wa mafizo kuchipatala kuja, amene amaphunzitsa odwala kuyendetsanso ziwalo, adandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Mayi, mwendo uwu mukaugoneka ugona mpaka kalekale. Azidzuka tsiku lililonse, afune asafune."

Ndiye tidayamba. Ulendo woyamba unali wochoka pabedi kukafika pachitseko, ndipo udatitengera m'mawa wonse. Adanditukwana, bambo ako amene sadanditukwanepo chikwatiranireni. "Mkazi iwe ulibe chisoni," ankatero ndi lilime lolemera lija. Ndinkayankha kuti, "Chisoni ndili nacho, a Ndau, koma dzukani." Kuchoka pachitseko tidafika pakhonde, kuchoka pakhonde tidafika pamtengo wa mango, kenaka tidatulukira pamsewu wafumbi wopita kumsika. Kumeneko ndiye kunali mayeso. Anthu ankaima n'kumationerera ngati gule. Akabaza ankachepetsa liwiro mwachifundo, "Akwere ulere, mayi," ine n'kumawathokoza n'kuwauza kuti apitirire. Amayi ena ankanong'onezana kuti Nangozo akuyanika manyazi a mwamuna wake padzuwa. Munthu mmodzi yekha ndiye adamvetsa, Che Yusufu a sitolo ya nsalu ija, mnzawo wa bambo ako wa kalekale. Adatulutsa benchi n'kuika pakhonde la sitolo yawo, n'kutumiza mawu akuti, "Kawauzeni a Ndau kuti tiyi wawo akuwadikira pano, wopanda shuga. Koma wobwera atakwera njinga samwa."

Benchiyo inali kutali kwa munthu wokoka mwendo. Tsiku lina, tili pakati pa njira, bambo ako adapunthwa n'kugwa chafufumimba pamaso pa ana oweruka kusukulu. Ana ndi ana, ena adaseka. Titabwerera kunyumba adaponya ndodo kuseri kwa chitseko n'kunena kuti, "Basi. Ndifera pampando pano." Adakhaladi. Ndidachonderera, ndidakalipa, ndidaitana abusa, osatheka. Mwendo udayambanso kuuma ine ndikuona. Azakhali ako adabwera n'kuwaikira pilo kumsana, n'kundiyang'ana ine ngati mbala yogwidwa ndi katundu.

Amene adawadzutsa pampandopo ndi iwe, ndipo ndikuona ngati sudziwa. Ukukumbuka mpikisano wa sukulu za sekondale ku Boma chaka chomwecho? Udatumiza uthenga kuti tibwere tidzakuonere. Ndidawakakamiza bambo ako kukwera minibasi, tidakakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa bwalo. Mutangoyamba, pokhota koyamba, wina adakuponda chidendene ndipo udagwera pamiyala. Bondo lidang'ambika, magazi n'kumatsikira m'sokosi. Anzako adapita. Aphunzitsi ako adakuthamangira akukodola kuti utuluke. Ine ndemwe, mayi ako, ndidaimirira n'kukuwa kuti, "Edina, zisiye!" Udadzuka, udayang'ana bondolo kamodzi, n'kuyamba kutsimphina, kenaka kuthamanga. Opambana adamaliza, adamwa madzi, ena adayamba kuvala majuzi, iwe ukuzungulirabe wekha. Anyamata ena ankakuwa zachipongwe, "Minibasi yotsiriza ikubwera iyo!" Sudawayang'ane. Udafika pamzere uli wotsiriza, ndipo pokhapo m'pamene udakhala pansi.

Bambo ako adaonerera zonsezi ali pansi pa mtengo paja. Pobwerera, tili pafupi kutsika minibasi, adandigwira ndi dzanja lawo lamanzere n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti mawu atuluke bwino, "Mwana uja sadakhale pansi." M'mawa mwake ndidawapeza pakhonde, ndodo atatenga okha kuseri kwa chitseko. Mvula yoyamba isanagwe adakhala pabenchi ya Che Yusufu n'kumwa tiyi wopanda shuga uja, mnzawoyo akuwomba m'manja ngati timu yake yagoletsa. Lero amasamba okha, amavala okha, amatsegula golosale okha, ndipo kuchipatala akawayeza amagwedeza mutu movomereza. Chikho chimene udatenga chaka chotsatira chili pakabati apo, ndimachipukuta, koma kwa ine mpikisano umene udapambana ndi umene udatsirizira kumbuyo uja. Ndiye munthu amene adachita zimenezo ndi bondo long'ambika aweramitse mutu lero chifukwa wina watchula akatumba? Ayi, Edina. Ayi ndithu.

Undimvetse bwino, sindikunena kuti kunenepa ndi tchimo. Ine ndemwe ndine mayi wathupi, chitenje chimodzi chimachita kundiperewera. Nthawi ya matenda ija nanenso ndidatsala pang'ono kugwa. Tulo sitinkabwera, mutu unkawawa tsiku lililonse, ndinkakalipira azing'ono ako popanda chifukwa. Abiti Saidi, akazi awo a Che Yusufu, adandiona. Lachitatu lina, azibambo atakhala pabenchi, adandigwira dzanja. "Awa alipo owayang'anira. Inu tiyeni kubwalo." Ndidati ndakalamba, ndilibe zovala zake. "Ine ndimasewera ndi diresi lomweli ndi mpango kumutu, mpira sufunsa," adatero. Ndidapeza amayi a pamsika, ogulitsa tomato, aphunzitsi, Akhristu ndi Asilamu, akulimbirana mpira wamanja ngati atsikana. Tsiku limenelo ndidagwa chagada pothamangira mpira, ndipo ndidaseka koyamba chiyambireni matenda a bambo ako. Mpaka lero Lachitatu sindiphonya, ndipo atsikana a msinkhu wako amapempha kupuma ine ndisanatope. Nkhani si kukula kapena kuchepa kwa thupi. Nkhani ndi yakuti mtima uzigwira ntchito, thukuta lizituluka, miyendo izidziwa kuti ili ndi mwini.

Azakhali akonso usawade. Adadutsa m'zaka zimene munthu akayamba kuonda anthu ankayamba kukonzekera maliro, ndipo adaika m'manda abale ambiri. Akaona thupi lodzaza mtima wawo umakhala pansi. Mawa uwagwadire, uwathokoze chifukwa cha bulangete limene akugulira. Koma pa nkhani iyi yokha, mawu awo uwasiye pakhomo pompano.

Ku koleji uzikakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mutu uli m'mabuku. Thupi likangokhala, nawonso mutu umachita dzimbiri. Iwe wemwe unkandiuza nthawi ya mayeso a Fomu 4 kuti masamu akakukanika umakathamanga, pobwera n'kupeza njira yatseguka, tulo n'kubwera tokoma. Mankhwala amenewo sasukuluka chifukwa wasintha sukulu. Sabata yoyamba yomwe ukafunse komwe kuli bwalo. Ukapeze anzako awiri atatu othamanga nawo, usamakathamange wekha m'njira za m'nkhalango kapena kunja kusanayere. Mvula ikakutsekera, chingwe chodumpha chimakwana m'chipinda. Anyamata akakuimbira likhweru uwaleke aimbe, pakamwa m'pawo. Kukapezekanso ena a magalimoto oima n'kumati, "Mtsikana wokongola ngati iwe ukudzivutitsiranji, kwera." Amenewo uwayankhe ndi fumbi la kumapazi ako. Chipisi udye, sindikukuletsa, koma chisakhale cha m'mawa, masana ndi madzulo. Waona wekha komwe chimafikitsa munthu.

Sindikukutuma zikho. Ukapambana tidzavina, ukapanda kupambana tidzadyabe. Chimene ndikufuna n'chakuti mtima uja wa pabwalo la ku Boma upite nawo. Maphunziro a kumeneko ndi mtunda wautali. Kuli anzako ochokera m'sukulu za m'tauni, a Chingerezi chothamanga, amene teremu yoyamba adzakusiya kutali. Usakawalondole ndi mpweya wonse monga ndidachitira ine pachitunda chija, osagona, osadya, kuti uoneke uli patsogolo. Ndinati ndibwereza, ndiye ndikubwereza: kuthamanga sikufika. Gwira liwiro lako. Mayeso ena udzalephera, chifukwa aliyense amagwa pokhota penapake. Ukagwa uyang'ane bala kamodzi, udzuke. Undiimbire foni, ulire ngati ukufuna kulira, ndidzakumvetsera mpaka mayunitsi atatha. Koma za kulongedza katundu n'kubwerera ku Nsipe usadzandiuze.

Ndinaima kaye kulemba chifukwa bambo ako anandiitana pakhonde. Azakhali ako apangana ndi mwini galimoto wina kuti mawa adzatinyamule tonse mpaka pa siteji ya minibasi. Bambo ako akana. Ati, "Chikwama chipite pa kabaza. Mwana wanga ndimuperekeza ndi miyendo yanga." Azakhali ako anayamba, "Achimwene, siteji ili kutali, kupitirira kwa Che Yusufu, ndiye pali kachitunda kaja..." Iwo anangoti, "Nandau, ndanena." Chiwagwereni matendawa sanafikepo pa siteji wapansi. Ndawayang'ana kumaso ndipo sindinawaletse.

Choncho mawa tinyamuka dzuwa likangotuluka. Tamvera tsono. Usawagwire mkono pokhapokha atakupempha okha. Usatsogole, usatsalire, uyende pambali pawo kumanja, mbali yofooka ija. Akaima uime nawo, osawafunsa ngati atopa. Wakabaza akachepetsa liwiro, umuthokoze apitirire. Minibasi ikatisiya itisiye, pamsewu waukulu sizitha, ibwera ina. Ukakwera usatiyang'ane pawindo ndi nkhope yachisoni, ndipo usatume munthu kuti adzatinyamule. Ine ndi bambo ako tibwerera wapansi.

Ndine mayi ako,
Nangozo